Kusunga Toyota 86 Zaka Zambiri pa Misewu ya Kwathu Kuno

Toyota 86 ndi Subaru BRZ ndi galimoto imodzi, zimasiyana baji, bampala ndi zina zazing'ono basi. Zonse zinayamba kupangidwa mu 2012 ku fakitale ya Subaru ku Gunma, ku Japan, ndipo mukatsegula boneti ya 86 mupeza dzina la Subaru pa zipangizo zambiri. Mudziwiretu zimenezi tsiku loyamba, chifukwa makaniko amene angaigwire ngati Corolla poona baji ya Toyota akuwonongerani zinthu. Injini ya za m'badwo woyamba, zimene tikukamba pano, ndi FA20, imene a Toyota amaitcha 4U-GSE, ya 1,998 cc, yogona chafufumimba: mapisitoni awiri kumanja, awiri kumanzere. Mphamvu imapita ku matayala akumbuyo. Galimotoyi ndi yolimba ndithu, koma kuno imafa ndi zinthu zitatu, oyilo, petulo ndi kugunda pansi. Zina zonse ndi zazing'ono poyerekeza ndi zimenezi.

Musanalipire

Galimoto ya zitseko ziwiri ngati iyi ku Japan sagula agogo opita kumsika. Zambiri zinathamangitsidwapo, zina pa mabwalo a mpikisano. Pepala la okushoni likakhala ndi R kapena RA, ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pa zithunzi yang'anani mkati mwa madigadi akumbuyo: timizere ta labala wosungunuka tomatirira mmenemo ndi chizindikiro choti matayala ankapsa. Mabowo pansi pa kapeti, handibuleki yachilendo, mashoko a mitundu yowala ndi ekisozi yaikulu zikunena nkhani yomweyo. Yabwino ndi imene sinasinthidwe kalikonse, ngakhale ikhale ndi makilomita ambiri.

Kenako tengani nambala ya chasisi, imene imayamba ndi ZN6 pa Toyota ndi ZC6 pa Subaru, mufufuze pa tsamba la pa intaneti la kampaniyo ngati galimotoyo inaitanidwa kukakonzedwa. Mu 2018 galimoto zopangidwa mu 2012 ndi 2013 zinaitanidwa chifukwa ma valve spring ake ankatha kuthyoka. Ntchito yosintha masipuling'iwo imafuna kutsegula injini n'kuimatanso ndi silikoni, ndipo pomwe womata anachulutsa silikoniyo, zidutswa zake zinkagwera m'sampu n'kutseka kasefa ka paipi yokokera oyilo. Injini zingapo zinafa motero zitangochoka kokonzedwa. Choncho ngati yanu ndi ya zaka zimenezo, kaya inakonzedwa kaya ayi, muli ndi ntchito. Ngati sinakonzedwe, masipuling'i akale akadali momwemo. Ngati inakonzedwa, ikangofika uzani makaniko atsitse sampu, aone kasefako ndi tochi, achotse chilichonse chofewa chimene chakakamira, ndipo pomatanso apake silikoni mzere umodzi woonda. Ndi ntchito ya theka la tsiku, yotchipa kwambiri kuyerekeza ndi injini ina.

Zopangidwa kuyambira chapakati pa 2016 zinasinthidwa nkhope ndi zina zamkati, ndipo mphamvu ya injini pa ya giya yamanja inakwera kuchoka pa 200 PS kufika 207 PS. Ngati thumba likulola, tengani imeneyo. Pochokera ku doko la Dar es Salaam kudzera ku Songwe, kapena kuchokera ku Durban ndi ku Beira, ikwezeni pa thiraki. Dalaivala wolipidwa pa ulendo, wofuna kufika msanga kuti akatenge ina, sangaisamale pa mabampu a mu Tanzania.

Oyilo

Apa ndiye pagona moyo wa injiniyi. Imalowa malita pafupifupi 5.4 mukasintha ndi fyuluta yomwe. Buku limanena 0W-20 wa synthetic. Kwa injini yomwe yadutsa makilomita 100,000, kapena yokhalira kotentha ngati ku Chikwawa, Nsanje, Salima ndi Karonga, 5W-30 wa synthetic ndi wabwino. Chimene musalole ndi 20W-50, amene amakaniko ambiri amathira mu galimoto iliyonse ponena kuti kuno n'kotentha. Injiniyi imasuntha makamushafuti ake anayi pogwiritsa ntchito mphamvu ya oyilo wodutsa m'timabowo tating'ono. Oyilo wolemera amachedwa kufika mmenemo m'mawa, tcheni cha taimingi chimalira, ndipo nyali ya injini imayaka popanda chimene chathyoka.

Sinthani pa makilomita 5,000 kapena miyezi isanu ndi umodzi, chimene chayamba kukwana. Fumbi lathu ndi maulendo afupiafupi a m'tauni sizilola kudikira mpaka 10,000. Ntchito yake ndi yosavuta. Lizani injini mphindi zisanu kuti oyilo afunde, zimitsani, masulani bawuti ya sampu kudzera pa bowo lomwe lili pa chitsulo chotchinga pansi, ndipo dikirani mpaka asiye kudontha. Ikani washala watsopano, wakale akaphwanyika kamodzi samatanso, mumange bawutiyo pa 42 Nm ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti. Fyuluta ili pamwamba penipeni pa injini, kutsogolo, moti simufunika kugona pansi kuti muifike. Pakani oyilo pang'ono pa labala wake, mumange ndi dzanja, osati ndi sipanala. Thirani malita 5, lizani injini, zimitsani, dikirani mphindi zisanu, kenako muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka afike pa chizindikiro chapamwamba.

Kuyeza kumafuna malo osapendekeka. Injini yogona chonchi imasunga oyilo m'mitu yake iwiri kwa kanthawi, ndiye mukayeza mutangozimitsa muona ngati wachepa, muthira wina, n'kupitirira muyezo. Pakati pa chizindikiro chapansi ndi chapamwamba pali pafupifupi lita imodzi. Yezani nthawi iliyonse mukamwetsa petulo, kapena Loweruka lililonse. Nyali yofiira ya oyilo ikayaka muli pa liwiro, nthawi zambiri mabeyaling'i amakhala atadya kale. Zimitsani pomwepo, musati ndifike kaye pa Ntcheu.

Fungo la oyilo wopsa mukaima pa maloboti kawirikawiri limachokera pa kachitsulo kotseka kumbuyo kwa mutu wa injini, kapena pa chivundikiro cha tcheni kutsogolo. Oyiloyo amadonthera pa ekisozi yomwe ili pansi pake penipeni. Kachitsuloko amangokamatanso, koma chivundikiro cha tcheni ndi ntchito yaikulu, ndipo chenjezo la silikoni lija likhudzanso pamenepa.

Petulo

Kompuresheni ya injiniyi ndi 12.5:1, yokwera kwambiri, ndipo ku Japan imamwa petulo wa okiteni wapamwamba. Kuno pa pampu palibe zosankha. Kompyuta ya galimoto ili ndi kachipangizo komva kugogoda kwa injini, ndipo ikamva imachepetsa mphamvu kuti iziteteze, choncho petulo wabwinobwino wa pa filing'i siteshoni imayenda naye. Inu mbali yanu ndi kusaipanikiza. Kuponda moto mpaka pansi muli mu giya 5 kapena 6 pa ma rpm 2,000 pokwera chitunda, masana kukutentha, ndiye njira yachidule yoigogodetsa. Mumva ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini. Tsitsani giya. Injiniyi imakonda kuzungulira, mphamvu zake zonse imatulutsa pa 7,000 rpm, ndipo chapakati, cha m'ma 4,000, imachita ngati yafooka pang'ono kenako n'kudzukanso. Ndi mmene inapangidwira, musasinthe mapulagi chifukwa cha zimenezo.

Choopsa ndi petulo wa m'zigubu nthawi ya mizere. Akakhala wosakaniza ndi palafini, okiteni amatsika kwambiri moti kompyuta ija singathenso kuteteza mapisitoni. Dothi ndi madzi a m'chigubu zimapha mainjekita, ndipo injiniyi ili nawo asanu ndi atatu: anayi othira m'njira ya mpweya, anayi othira mwachindunji mu silinda. Achiwiriwa ndi odula, komanso ma seal awo amapsa injini ikamagogoda kawirikawiri. Mafuta akasowa, ndi bwino kuiimika n'kukwera minibasi. Thanki ndi ya malita 50. Musamaifikitse pansi pa kota, chifukwa pampu ya m'thanki imazizira ndi petulo yemweyo.

Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, zimene zinayamba kale mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa. Kwa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku palibe vuto. Koma ethanol amakoka chinyezi, ndiye galimoto ikaima miyezi itatu kapena inayi thanki ili pafupifupi yopanda kanthu, pansi pake pamakhala madzi.

Mukamva kaphokoso konga nkhululu injini ikungolira pamalo amodzi itatentha, ndi pampu ya petulo ya pamwamba pa injini. Zambiri zimatero, ndipo si chizindikiro choti ikufa.

Mabampu, maenje ndi matayala

Kuchokera pansi kufika pa mimba ya galimotoyi pali mamilimita 130 okha, kufupika kuposa foni zambiri za masiku ano mutaziimika. Pansi pa injini pali sampu ndi mapaipi a ekisozi, zotchingidwa ndi chitsulo chopyapyala cha aluminiyamu. Chitsulo chimenechi chisachotsedwe ngakhale makaniko atadandaula kuti chimamuchedwetsa, ndipo mabawuti ake akasowa gulani ena, osamangirira ndi waya.

Bampu amaikwera chonchi. Pondani buleki mukadali patali, muisiye musanafike, chifukwa buleki imatsitsa mphuno ya galimoto. Lowani chopingasa pang'ono kuti tayala limodzi likwere kaye, kenako linzake, pa liwiro la munthu woyenda pansi. Onani kaye kabaza kumanzere musanapingase. Mukanyamula anthu awiri kumbuyo (ngati alipo amene angakwanemo, mipandoyo ndi ya ana ndi zikwama) galimoto imatsikanso, ndipo imakhula pakati. Polowa pa geti yokhala ndi ngalande chitani chimodzimodzi. Zoitsitsanso ndi masipuling'i aafupi zisiyireni a ku Japan. Ngati inabwera yotsitsidwa, funani mashoko ndi masipuling'i ake enieni mubwezeretse.

Za giredi ya GT zimabwera ndi matayala a 215/45 R17, za G ndi 205/55 R16. Khoma la tayala la 17 ndi lalitali mamilimita 97, la 16 ndi 113. Kusiyana kwa mamilimita 16 kumeneko ndi kumene kumapulumutsa limu mukagwera mu dzenje la pa M1 usiku. Pa misewu yathu 16 ndiye wanzeru, ngakhale 17 amaoneka bwino pa chithunzi. Pogula malimu kumbukirani kuti kumapazi galimotoyi ndi Subaru. Mabowo ndi 5x100, bowo lapakati ndi mamilimita 56.1. Malimu a Wish, Prius kapena Premio ali ndi mabowo asanu ofanana koma pakati pake ndi 54.1, ndiye salowa pa habu. A Impreza ndi Forester akale amalowa, komabe yesani limu limodzi kutsogolo musanalipire, muone ngati silikukhula kalipa ya buleki. Manati ake ndi M12x1.25, pomwe a Toyota zina ndi M12x1.5. Mnyamata wa pa matayala akakakamiza nati ya Corolla ndi mfuti ya mpweya, mazinga a bawuti amatheratu. Yambitsani nati iliyonse ndi dzanja, mumalize ndi torque wrench pa 120 Nm.

Mpweya ndi 240 kPa, kapena kuti 35 psi, kutsogolo ndi kumbuyo, poyeza matayala ali ozizira. Matayala amene yabwera nawo muwaone bwino. Manambala anayi omalizira pambali pa DOT amanena sabata ndi chaka: 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Opitirira zaka zisanu ndi chimodzi achotseni ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano. Olembedwa studless ndi a chipale cha ku Japan, pa phula lotentha la Okutobala amafewa ndipo buleki imatalika. Kumbuyo ikani awiri ofanana mtundu, saizi ndi kutha kwake, chifukwa difu ya Torsen yomwe ili mu zambiri mwa galimotozi imavutika tayala lina likamazungulira mosiyana ndi linzake nthawi zonse. Zambiri zochokera ku Japan zimabwera ndi kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu m'malo mwa sipeya. Kabotoloko sikamata tayala long'ambika m'mbali, choncho pa ulendo wa ku Mzuzu ikani tayala lathunthu mu buti pamodzi ndi jeke yaifupi yolowa pansi pake.

Mukagunda dzenje mwamphamvu, pitani ku alaimenti sabata yomweyo, ndipo aone matayala onse anayi, osati akutsogolo okha. Kumbuyo kukapotoka pang'ono, tayala limadyeka mkati momwe simuona, panja likuoneka labwinobwino.

Madzi osefukira pa msewu, akafika m'munsi mwa chitseko, bwererani. Injini ikamwa madzi imapinda makoni rodi nthawi yomweyo.

Kuyendetsa

Amene anazolowera Vitz kapena Axio amadabwa tsiku loyamba la mvula. Galimoto yokoka ndi matayala akutsogolo mukaiponda moto kwambiri pokhota imangopita kutsogolo. Iyi imataya matako. Nthawi yoopsa ndi ya chizimalupsa ndi mvula zoyamba za Novembala, pamene fumbi ndi mafuta a miyezi isanu ndi umodzi zimasanduka sopo pa phula, makamaka pa ma roundabout. Pafupi ndi giya pali mabatani a VSC ndi TRC, chitetezo choletsa galimoto kutsetsereka. Mukadina la TRC n'kuligwira masekondi atatu, chitetezo chimazima. Pa msewu wa anthu onse, wa njinga, mbuzi ndi ana a sukulu, musaligwire n'komwe. Kumbuyo kukayamba kutsetsereka, yang'anani komwe mukufuna kupita, tembenuzirani chiwongolero komweko, muchepetse moto pang'onopang'ono. Kuchotsa phazi mwadzidzidzi kapena kuponda buleki kumaitembenuzira mbali inayo.

Potsika Chiweta, Khwekhwelere kapena chitunda cha ku Thabwa popita ku Chikwawa, ikani giya 3 injini igwire galimoto. Ya otomatiki ikani pa M. Mafuta a buleki amamwa chinyezi chaka ndi chaka, ndipo akale amawira pa chitsetse chachitali, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Sinthani zaka ziwiri zilizonse ndi DOT 4 wa m'botolo losatsegulidwa. Mapadi akatsala mamilimita 3 achotseni.

M'mawa musaiwotche mphindi khumi pakhomo. Lizani, dikirani theka la mphindi, nyamukani modekha, osadutsa 3,500 rpm mpaka itatentha bwino. Giya 2 imalimba kukazizira, makamaka mu Juni ndi Julayi ku Dedza kapena ku Mzuzu. Musaikakamize, ikafunda imalowa yokha. Mafuta a giyabokosi yamanja ndi malita pafupifupi 2.2 a 75W-90, a difu ndi lita imodzi ndi pang'ono a 75W-85 GL-5. Sinthani onse galimoto ikangofika, kenako pa makilomita 40,000 alionse. Masulani kaye bawuti yothirira musanamasule yokhetsera. Mukayamba ndi yokhetsera kenako yothirira n'kukana kumasuka, mwatsala ndi giyabokosi youma.

Chofooka chodziwika pa ya giya yamanja ndi release bearing ya kilachi. Imayamba ndi kulira kwa fyiii kumene kumasintha mukangogusa kilachi ndi phazi. Chimaipha msanga ndi kugoneka phazi pa kilachi mu mzere wa magalimoto wa madzulo pa Masauko Chipembere Highway. Mukaima ikani nyutulo, phazi pansi. Ikayamba kulira musadikire kuti ithyoke, imawononga foloko ndi khosi la giyabokosi pomwe imatsetsereka. Giyabokosi ikatsika sinthani kilachi yonse kamodzi, chifukwa ndalama zambiri zimapita ku ntchito yotsitsayo.

Zina za pansi pa boneti

Mapulagi ndi a iridium, amatha makilomita 90,000 mpaka 100,000. Ali m'mbali mwa injini, moyang'anizana ndi chasisi, pamalo pothina moti njira ya m'buku ndi kumasula mamaunting'i n'kukweza injini pang'ono. Ntchitoyi ichitike injini ili yozizira, chifukwa mitu yake ndi ya aluminiyamu ndipo mazinga amatha msanga. Injini ikamadumphadumpha itatentha, nyali ikuphethira, kawirikawiri ndi koyilo imodzi yomwe yapsa ndi kutentha kwa ekisozi. Makina owerengera makhodi akuuzani silinda yake. Sunthani koyiloyo muiike pa silinda ina, vuto likasamuka nayo mwaipeza.

Madzi oziziritsa ndi a buluu, osakaniza kale. Musawonjezere madzi a pa mjigo, mchere wake umatseka timapaipi ta ladiyeta. Pakasowa gwiritsani madzi oyera othira mu batire (distilled water), osati asidi. Chifukwa mphuno ili pansi, ladiyeta imatola udzu, tizilombo ndi mapepala a pulasitiki, choncho mukatha nyengo ya mvula iyeretseni ndi madzi a paipi opanda mphamvu, kuchokera kumbuyo. Injini iyi ikatenthetsa pali mitu iwiri ndi magasiketi awiri, ndipo kuti afike pa iwo amatulutsa injini yonse.

Fyuluta ya mpweya muione nthawi iliyonse mukusintha oyilo, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Gwiritsani ya pepala. Zija zozungulira zopaka mafuta zimalowetsa fumbi lambiri, ndipo mafuta ake amadetsa kachipangizo koyeza mpweya.

Magalasi a zitseko alibe felemu. Mukatsegula chitseko galasi limatsika pang'ono lokha, mukatseka limakwera. Batire ikafa silitsika, ndiye mukamenyetsa chitseko galasilo limagunda labala wa denga. Ngati galimoto ikhala masabata atatu osayenda, chotsani waya wa negetivu mutasiya galasi lotsika pang'ono, musiye mu giya mutaika miyala ku matayala m'malo mokoka handibuleki, ndipo muziona pansi pa boneti ngati makoswe sanamange nyumba pa mawaya. Nthunzi m'kati mwa nyali zakumbuyo ndi gasiketi yake yofooka, musinthe madzi asanalowe mu buti. Wailesi ya ku Japan imathera pa 90 MHz, mawailesi ambiri a kuno simuwamva mpaka mutaika band expander, kachipangizo kothandiza wailesiyo kugwira masiteshoni a pamwamba pa 90 MHz, kapena wailesi ina.

Zipangizo

Mafyuluta, mapadi ndi mabushi ena amapezeka kwa ogulitsa zipangizo za Subaru, ndipo nthawi zambiri nambala ya Subaru imapezeka msanga kuposa ya Toyota. Galimotoyi inkagulitsidwanso yatsopano ku South Africa, choncho Johannesburg ndiye kufupi kopezako kilachi, ladiyeta ndi mashoko. Zovuta ndi galasi lakutsogolo, nyali ndi mabampala, zimene zimatha masabata musanazilandire. Pa shelefu kunyumba pazikhala mafyuluta a oyilo awiri, mawashala ake, fyuluta ya mpweya, koyilo imodzi, lamba wa injini ndi mabawuti a matayala asanu. Inshuwalansi muziunikanso mtengo wa galimoto chaka chilichonse pokonzanso COF. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene unalembedwa pa mapepala chaka chapitacho sukanagulanso ngakhale galimoto yofanana nayo yochita ngozi. Sungani kabuku kolembamo tsiku, makilomita, mtundu wa oyilo ndi nambala ya chipangizo chilichonse chimene chalowa, kuti makaniko wina akadzaigwira asayambirenso kulota.